Mchenga Unalibe Mwini Mpaka Mafuta Atanunkha

Aliyense amene anayang'anapo mapu a Arabia anaona mizere yowongoka ngati yojambula ndi rula, yodutsa m'chipululu momwe mulibe mtsinje, mulibe phiri, mulibe ngakhale mtengo woti munthu nkulozera mnzake kuti malire athu ndi apa. Ambirife tikaona zotere timafulumira kunena kuti ndi ntchito ya atsamunda, nkhani nkuthera pomwepo. Anachitadi, ndipo sindikufuna kuwasambitsa m'manja. Koma ine chimene chimandipweteka kwambiri pa nkhaniyi ndi chomwe chinawachitikira anthu oweta ngamila. Azungu ndi mafumu a Aluya, onse pamodzi, anawasandutsa anthuwa zikhomo za malire pofuna mafuta a pansi pa nthaka, chonsecho njira ina inalipo ndipo iwo ankaidziwa.

Tiyambe ndi m'mene anthuwo ankakhalira. M'chipululu mvula imagwa mwa apo ndi apo, chaka chino uku, chaka chamawa kutali ndithu. Msipu umatsata mvula, ziweto zimatsata msipu, munthu amatsata ziweto. Choncho fuko lililonse, monga Al Murrah, Manasir kapena Bani Yas, linali ndi dera lomwe linkayendamo, lotchedwa dira m'chinenero chawo, koma madera amenewa ankalowana ndipo ankakula kapena kuchepa malinga ndi nyengo. Chitsime ndicho chinali ndi mwini, pakuti wina anachikumba. Munda wa kanjedza unalinso ndi mwini. Mchenga wa pakati pa chitsime ndi chitsime palibe ankaulimbirana. Mfumu inkawerenga mphamvu zake poona anthu amene akuimvera ndi kuipatsa msonkho wa zakat, ndipo fuko linkatha kupereka kwa mfumu iyi chaka chino, kwa ina chaka chinzake, malinga ndi amene akuoneka kuti angateteze. Ife timati mapanga awiri avumbwitsa. Kumeneko kunalibe mvula yoti nkuvumbwitsa munthu, ndipo wa mapanga awiri ndiye ankapulumuka.

Mu 1922 ku Uqair, m'mbali mwa nyanja ya Gulf, kunachitika msonkhano wokonza malire a Iraq, Kuwait ndi Najd. Ibn Saud, yemwe ankalamulira Najd, anati malire atsate mafuko: komwe kukufika anthu ake, dziko lake lafikanso komweko. Mngerezi Sir Percy Cox anakana, natenga pensulo yofiira nkujambula yekha pamapu. Mfumu ya Kuwait kunalibe kumsonkhanowo, anailankhulira ndi Mngerezi wina, ndipo Kuwait inataya pafupifupi magawo awiri mwa atatu a dziko lomwe inkati ndi lake. Musamumvere chisoni Ibn Saud, anzanga. Maganizo akewo sanali okonda abusa. Ankadziwa kuti mafuko ake amayenda kutali zedi, ndiye malire otsata mafuko akanam'patsa dziko lalikulu. Komabe pamsonkhano womwewo panatuluka chinthu chimodzi chanzeru. Anasiya madera awiri osagawa, lina pakati pa Najd ndi Iraq, lina pakati pa Najd ndi Kuwait, kuti abusa a mbali zonse azidyetsamo ndi kumwetsamo ziweto. Tilisunge m'mutu dera la ku Kuwaitlo, tibwereranso.

Kenaka mafuta ananunkha. Anapezeka ku Bahrain mu 1932. Mu 1933 Ibn Saud, tsopano mfumu ya Saudi Arabia, anapereka chilolezo chofufuza mafuta kwa kampani ya ku Amereka ya Standard Oil of California, yomwe nthambi yake inadzatchedwa Aramco, ndipo mu 1938 mafuta anatumphuka ku Dammam. Chilolezocho chinali cha mbali ya kum'mawa kwa ufumuwo. Nanga kum'mawako ufumu ukulekeza pati? Angerezi, omwe ankayang'anira nkhani zakunja za mafumu ang'onoang'ono a m'mbali mwa nyanja monga wa Abu Dhabi, anafukula mzere womwe anagwirizana ndi boma la Turkey mu 1913. Ibn Saud anati pangano limenelo iye sanalipo ndipo silimukhudza. Mu 1935 mbali iliyonse inabwera ndi mzere wakewake, osamvana. Mu 1939 Abu Dhabi nayo inapereka chilolezo kwa nthambi ya Iraq Petroleum Company, kampani yomwe Angerezi anali ndi mawu akulu. Makampani awiri tsopano anali ndi mapepala a mchenga umodzi.

Zonsezi zinadzaphulikira pa Buraimi. Awa ndi malo a madzi pakati pa chipululu, midzi 9 ya minda ya kanjedza yothiriridwa ndi ngalande zakalekale za pansi pa nthaka zotchedwa falaj. Angerezi ankati midzi 6 ndi ya Abu Dhabi, 3 ndi ya Sultan wa Muscat ndi Oman. Mu 1949 anthu oyeza malo a Aramco analowa m'dera lomwe Abu Dhabi inkati ndi lake, Angerezi nkuwabweza, ndipo chaka chomwecho Saudi Arabia inalengeza kuti gawo lalikulu la dziko la Abu Dhabi ndi lake, Buraimi nkukhala pakati pa mkangano. Mu Ogasiti 1952 nduna ya ku Saudi, Turki bin Otaishan, inafika ndi kagulu ka anthu nkukhazikika m'mudzi wa Hamasa. Inayamba kudyetsa anthu, kugawa mphatso, ndi kulandira malonjezo a mafumu a m'midzi oti iwo ndi anthu a Ibn Saud. Sultan Said bin Taimur anasonkhanitsa ankhondo ku Sohar, koma Angerezi anamuletsa kunyamuka. M'malo mwake iwo anatseka njira zopita ku Hamasa kuti chakudya chisalowe. Amene anagona ndi njala sanali a Aramco, sanalinso a ku London.

Mu 1954 anagwirizana zokatula mlanduwu kwa oweruza a maiko osiyanasiyana. Apa ndipo ndikufuna tiyang'anitsitse. Mbali zonse zinalemba mabuku akuluakulu a umboni. Boma la Saudi linathandizidwa ndi anthu ophunzira a Aramco, motsogozedwa ndi George Rentz. Angerezi nawo anafukula m'mafayilo awo akale. Umboni wake unali wotani? Fuko lakutilakuti limamwetsa ngamila pa chitsime chiti, linapereka msonkho kwa yani m'chaka chakuti, agogo awo anamenya nkhondo kumbali ya yani. Saudi Arabia inkati makolo a ufumuwo analamulirapo Buraimi nthawi zingapo pakati pa 1800 ndi 1869 ndipo ankatolera zakat. Angerezi ankayankha kuti zakat ndi chopereka cha chipembedzo, mwinanso ndalama yogulira mtendere kwa wamphamvu, sichikalata cha umwini wa dziko. Tangoganizani munthu amene anapereka ngamila imodzi kwa wotolera msonkho kuti asamuvute pa ulendo wake. Patapita zaka, ngamila ija ikuwerengedwa ku Ulaya ngati umboni woti mchenga wonse womwe iye anapondapo, ndi zonse za pansi pake, ndi za mfumu yakuti. Iye mwini sanafunsidwe, ndipo akanafunsidwa akanadabwa nalo funsolo. Amene ankafunsidwa ankafunsidwa ndalama ili m'manja mwa wofunsa.

Bwalolo linakumana ku Geneva mu Seputembala 1955 ndipo silinafike pa chigamulo. Angerezi anadandaula kuti a ku Saudi akupereka ziphuphu, ngakhale kwa Sheikh Zayed bin Sultan yemwe ankayang'anira midzi ya Abu Dhabi ku Buraimi, amene anakana. Woweruza wa ku Britain, Sir Reader Bullard, anatula pansi udindo. Pa 26 Okutobala 1955 asilikali otsogozedwa ndi Angerezi analowa m'Buraimi nkuchotsa apolisi a ku Saudi. Mafumu a m'midzi amene anali kumbali ya Saudi Arabia anathawira komweko, kusiya minda ya makolo awo. Mlandu womwe unayamba ndi mabuku unagamulidwa ndi mfuti. Ndipo chomvetsa manyazi nchakuti pa Buraimi penipenipo mafuta sanapezeke. A Abu Dhabi anadzapezeka kwina, pansi pa nyanja mu 1958 ndiponso m'chipululu cha kumadzulo.

Wina atha kundiyankha kuti dziko lamakono silingakhale lopanda malire, ndipo kampani singathire ndalama zake pa chitsime osadziwa kuti msonkho ukapita kwa yani. Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo sindikuinyoza. Chitsime cha mafuta sichisamuka ngati msipu. Komatu kumbukirani dera losagawa lija la pakati pa Kuwait ndi Saudi Arabia. Kuwait inapereka theka la ufulu wake kwa kampani ya Aminoil mu 1948, Saudi Arabia inapereka theka lake kwa kampani ya J. Paul Getty mu 1949, mafuta anapezeka ku Wafra mu 1953, ndipo maiko awiriwa ankagawana phindu pakati ndi pakati popanda mzere uliwonse. Ngakhale atagwirizana mu 1965 zogawana kayendetsedwe ka deralo, mafutawo anakhalabe a onse. Anakanganapo, inde, mpaka zitsime zinatsekedwa mu 2014 ndi 2015, koma anamvananso mu 2019 popanda msilikali kuwombera mnzake. Mu 1958 Bahrain ndi Saudi Arabia nawonso anagwirizana zogawana ndalama za mafuta a pa Abu Safah. Ndiye kuti kugawana kunali kotheka, ndipo amene anakana kugawana pa Buraimi ndi anthu omwewo amene ankagawana kwina. Chinawalepheretsa ndi dyera, pamodzi ndi manyazi a boma lalikulu lomwe silinkafuna kuoneka logonja pamaso pa mafumu omwe linkati likuwateteza.

Chaona mnzako chapita. Pangano la Britain ndi Germany la 1890 lonena za malire a pa Nyanja ya Malawi linakhala zaka zambiri likungoyambitsa manong'onong'o a apo ndi apo, koma boma litapereka zilolezo zofufuza mafuta pa nyanjayo mu 2011, mkangano ndi Tanzania unabuka mwamphamvu mu 2012. Msodzi wa usipa anadzapezeka ali pomwe panali woweta ngamila uja.

Za Buraimi zinadzatha, ngati nkutha, mu 1974 pa pangano la ku Jeddah. Apa nkuti Angerezi atachoka mu 1971, Sheikh Zayed ali pulezidenti wa dziko latsopano la United Arab Emirates. Mfumu Faisal inasiya kulimbirana midzi ija, ndipo m'malo mwake Saudi Arabia inalandira gombe la ku Khor al Udaid ndi chitsime chachikulu cha mafuta cha Shaybah. Midzi yomwe ankati sangaitaye chifukwa anthu ake ndi awo anaisinthanitsa ndi mafuta tsiku limodzi. Lero midzi 6 ija ndi mzinda wa Al Ain, 3 ija ndi tawuni ya Buraimi ya ku Oman, ndipo pakati pake pali mpanda wa waya ndi zipata za apolisi.