Walira Mvula Walira Matope: Za Makina Otchetchera Kapinga

Mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala kapena Disembala, kapinga wa pabwalo la tchalitchi, pasukulu ndi pakhomo amaphuka ngati wachita kuitanidwa. Ndiyo nthawi imene makina otchetchera kapinga, okankha aja oyendera petulo, amatulutsidwa m'chipinda chosungiramo katundu momwe adagona chilimwe chonse. Mnyamata wa ntchito amakoka chingwe kamodzi, kawiri, kakhumi, mpaka phewa kuwawa, koma injini ili duu. Pamenepo chigamulo sichichedwa: akuti makina afa, ndipo wawapha ndi mnyamatayo. Kawirikawiri chigamulo chotere chimalakwa pawiri. Makinawo amakhala asanafe, ndipo wowadwalitsa amakhala mwini wake yemwe.

Makinawa ndi alendo ndithu. Oyamba adapangidwa m'chaka cha 1830 ndi Edwin Budding wa kufupi ndi Stroud ku England, amene adatengera nzeruyo pa makina ometa ubweya pa nsalu m'fakitale. Oyendera petulo adadza pambuyo, kampani ya Ransomes itayamba kuwagulitsa mu 1902. Dzina lake la Chingerezi likatchulidwa ndi lilime la Mchewa limamveka ngati chakumwa cha m'chipanda, ndipo ena amawasamaladi ngati munthu amene wachilawa. Komabe ulendo wawo si chifukwa chowanyozera. Akale adati walira mvula walira matope. Amene wafuna kupumula ku chikwakwa avomerenso oyilo, sipanala ndi manja akuda.

Mlimi wakale sankagona asanaone khasu lake. Ankagogoda dothi, kunola pamwala, ndipo mpini ukayamba kugwedera ankaukonza tsiku lomwelo. Palibe amene ankadikira kuti khasu liguluke pakati pa mzere. Mwambo umenewu ndiwo ukusowa pa makina a lero, ndipo kusowa kwake kumaonekera koyamba m'thanki ya mafuta.

Petulo amaonongeka akakhalitsa. Pakatha mwezi umodzi amayamba kuguga, ndipo akagona m'kabuleta kuyambira Meyi mpaka Novembala amauma n'kusiya utomoni umene umatseka kabowo kodutsa mafuta, kabowo kochepa ngati diso la singano. Ku Malawi nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Kuyambira m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol. Nzeruyo ndi yabwino pakuti imachepetsako mafuta ogula kunja, ndipo galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku siidandaula. Koma ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, choncho m'kathanki kosiyidwa miyezi isanu ndi umodzi pansi pake pamakhala madzi ndi dzimbiri. Mankhwala ake ndi osalira ndalama: potchetcha komaliza m'chaka, injini isiyidwe ikulira mpaka petulo yense atha, izime yokha. Ngati zimenezi sizidachitike, petulo wakaleyo achotsedwe, kambale ka pansi pa kabuleta kamasulidwe n'kutsukidwa, ndipo athiremo watsopano. Injini imene ikulira mokweza ndi kutsitsa mawu ngati munthu wa befu imakhala ikudandaula za kabowo komweko.

Injini imafunanso kupuma. Sefa ya mpweya ikadzaza fumbi ndi mapesi a udzu, makina amafooka ndipo amatulutsa utsi wakuda. Ya pepala imagogodwa pang'ono kapena kusinthidwa. Ya siponji imachapidwa ndi sopo, kuumitsidwa, n'kupakidwa kaoyilo pang'ono. Pulagi nayo imasulidwe, ichotsedwe mwaye, ndipo kamodzi pachaka igulidwe ina. Pa injini zambiri za mtundu uwu mpata wa kukamwa kwa pulagi umakhala pafupifupi mamilimita 0.76, koma kabuku kodza ndi makinawo ndiko kali ndi mawu omaliza. Tsoka lake kabukuko kamatayidwa pamodzi ndi katoni, kapena kutsekeredwa m'kabati ya bwana amene sagwira n'komwe chingwe. Safunsa adadya phula, koma nanga wofunsa afunse ndani ngati buku lili pa loko?

Za oyilo ndiye pali ngozi yosabwezeka. Petulo woipa amangogonetsa injini, koma kusowa oyilo kumaipha. Kainjini kotere kamanyamula oyilo wongopitirira pang'ono theka la lita, motero akatsika ngakhale pang'ono zitsulo zimayamba kudyana. Muyezo uonedwe nthawi iliyonse asanalize makina, ali pamalo osapendekeka. Makina atsopano asinthidwe oyilo akagwira ntchito maola 5 oyamba, kenako pa maola 50 aliwonse kapena kamodzi pachaka, ndipo kumalo a fumbi asachedwe kufika pamenepo. Wothira mopyola muyezo sadachite chifundo: utsi woyera umene umabuka pambuyo pake ndi oyilo akupsa. Utsi womwewo umatulukanso munthu akapendeketsa makina molakwika pofuna kupala udzu wa kunsi. Mbali ya sefa ya mpweya iyenera kuloza kumwamba, apo ayi oyilo amayenderera kulowa m'sefa ndi m'kabuleta.

Asanalowetse dzanja kunsiko, munthu achotse kaye waya wa pulagi. Mpeni ukazunguzidwa ndi dzanja umazunguzanso injini, ndipo zala sizimera ngati kapinga. Mpeni wobuntha sudula, umang'amba, ndipo nsonga za udzu zimafiira pakapita masiku awiri. Unoledwe ndi tupa mbali zonse ziwiri mofanana, kenako upachikidwe pa msomali pakati pake. Ukalemera mbali imodzi, mbaliyo ipalidwenso. Bwalo nalo liyendedwe kaye kutola miyala, mawaya ndi zibonga za njerwa. Mpeni ukamenya mwala kapena chitsa, kachitsulo kofewa kogwira gudumu la pamwamba pa injini kamaduka, ndipo zikatero injini imakana kulira kapena kukwatula chingwe m'manja. Kachitsuloko n'kotchipa. Koma makina akayamba kunjenjemera kwambiri pambuyo pa ngozi yotere, mwina mtanda wa injini wapindika, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makaniko, osati ya nyundo ya pakhomo.

Alipo amene amanena kuti zonsezi ndi umboni woti makinawa sayenera dziko la ziswe, zulu ndi miyala, ndipo kuli bwino kubwerera ku chikwakwa. Ali ndi mfundo pang'ono. Udzu wofika m'chiuno suyenera makina okankha. Uyambe wagwetsedwa ndi chikwakwa, pakuti lamulo labwino ndi kusadula kopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzu pa ulendo umodzi, ndiponso kudikira mame aume. Koma njinga yakapalasa ndi makina osokera zovala nazonso zidachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo zakhala zaka makumimakumi m'midzi chifukwa chilichonse chinali ndi munthu mmodzi wochidziwa kulira kwake.

Apa ndi pamene pali vuto la makina a gulu. Ogulidwa ndi komiti ya sukulu kapena mpingo amakhala a aliyense pobwereka, koma opanda mwini posintha oyilo. Lero ali kwa a mkulu wa mpingo, mawa kwa mlamu wawo, ndipo amabwerera ali ndi matope ndi thanki youma. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Kubwerekana ndi mwambo wokoma ndipo usathe, koma makina azibwerekedwa pamodzi ndi munthu wake wowayendetsa, monga momwe ngolo imapitira ndi mwini ng'ombe. Komitiyo isankhe munthu mmodzi, imupatse kabuku kaja, sipanala ya pulagi ndi kope lolembamo masiku otchetcha ndi tsiku losinthira oyilo, ndipo ndalama ya oyilo ndi pulagi iikidwe padera mu Okutobala, mvula isanagwe.