TISAFULUMIRE KUWERUZA KOMPYUTA

Pali chizolowezi china chimene chafala pakati pathu pa sukulu pano, ndipo ine sindigwirizana nacho. Kompyuta ikangoonetsa chachilendo timafuula kuti yagwidwa ndi vairasi, ndipo mankhwala athu ndi amodzi okha, ndiwo kufafaniza zonse ziri m'kati mwake ndi kuyambanso. Ndifuna ndikuuzeni chimene chinationekera ife a kalabu ya sayansi, kuti muweruze nokha ngati chizolowezichi chiri cha nzeru.

M'kompyuta ina ya pa sukulu pano tinaikamo Stellarium, pulogalamu yaulere imene inayambidwa ndi Mfalansa wina, Fabien Chéreau, m'chaka cha 2001. Munthu akaiuza malo amene ali ndi nthawi yake, imamuonetsa thambo monga liri pamwamba pa mutu wake. Madzulo ena m'mwezi wa Febuluwale titaitsegula tinaona zodabwitsa. Nyenyezi zonse zinali timabokosi toyera, ndipo mwezi unali bii ngati kunsi kwa mphika. Pomwepo ena anati tifafanize zonse, osakumbukira kuti m'kompyuta yomweyo munali ntchito za anzathu a Fomu 4 zimene sanazisunge kwina kulikonse. Ife otsala tinapempha aphunzitsi kuti atipatse tsiku limodzi lokha tifufuze.

Choyamba tinafuna kudziwa ngati pulogalamu ikulakwitsa masamu kapena kujambula kokha. Tinadina pa Sirius, nyenyezi yowala koposa zonse za usiku, ndipo manambala osonyeza malo ake anaoneka bwinobwino. Titatuluka panja tinapeza Akamwiniatsatana ali pamwamba, ndi Sirius pa mzere wa nyenyezi zitatuzo, pamalo pomwe kompyuta inanena. Chotero masamu analibe mlandu. M'mawa mwake tinaika pulogalamu yomweyo m'kompyuta ina, ndipo nyenyezi zinaoneka zokongola. Apa tinadziwa kuti nthenda iri m'kompyuta imodzi yokha.

Kuti mumvetse zotsatira, muyenera kudziwa kuti pulogalamu yotere siijambula yokha. Iyo imapereka malamulo m'chiyankhulo chotchedwa OpenGL, chimene chinatuluka m'chaka cha 1992, ndipo chojambula chenicheni ndi kachipangizo kotchedwa graphics card. Pakati pa ziwirizi pali kapulogalamu kotchedwa driver, kamene ntchito yake iri ngati ya womasulira m'khoti. Mboni ikanena zoona koma womasulira n'kupotoza mau, woweruza amamva bodza, ngakhale mboniyo siinalakwe.

Stellarium imalemba zonse zimene yakumana nazo poyamba ntchito mu failo yotchedwa log.txt, ndipo m'menemo tinawerenga dzina la graphics card yathu ndi nambala ya driver wake. Pambuyo pake tinatsegula pulogalamu m'njira imene eni ake anaikonzera makompyuta a Windows, yotchedwa MESA mode, imene imalambalala womasulira uja ndi kupatsa purosesa ntchito yonse yojambula. Taonani, mwezi unabwerera ndi mabanga ake onse, ndipo timabokosi tija tinasanduka nyenyezi! Koma thambo linkayenda modukizadukiza, pakuti purosesa siifulumira pa ntchito yotere. Umboni unakwanira tsopano. Aphunzitsi anatithandiza kutenga driver watsopano kwa opanga kachipangizoko, ndipo nthenda inatha popanda kutaya failo ngakhale imodzi.

Ndidziwa kuti ena adzati, "Nthawi ndi yochepa, mayeso ayandikira, ndipo intaneti imadya ndalama. Kufafaniza n'kwachangu." Zoonadi ndalama ya intaneti ndi yovuta, sindikana. Koma lingalirani ichi. Tikanafafaniza zonse tikanabwezeramo driver wakale yemwe uja, pakuti ndiye anabwera ndi kompyutayo, ndipo mwezi ukanakhalabe wakuda. Ntchito za anzathu zikanapita pachabe, nafenso tikanayamba kunyoza pulogalamu yosalakwa ndi kuuza ena kuti ndi yachabechabe. Kodi changu chotere chiri ndi phindu lanji?

Chinanso ndi ichi. M'kalasi la sayansi amatiphunzitsa kuti poyesa kanthu tisinthe chinthu chimodzi chokha, zina zonse zikhale monga zinaliri, ndipo tilembe chimene taona. Lamuloli timaliloweza chifukwa cha mayeso, koma tikafika pa kompyuta timaliiwala. Ife tinalitsata. Tinasintha kompyuta osasintha pulogalamu, kenaka tinasintha njira yojambulira osasintha kompyuta, ndipo posintha paliponse tinachotsapo mmodzi mwa oganiziridwa mpaka anatsala wolakwa yekha. Tikanasintha zonse nthawi imodzi, ngakhale zikanatheka, sitikanadziwa chimene chachiritsa, ndipo tsiku lina nthenda itabweranso tikanasowa pogwira.

Chotero ndikupemphani, anzanga, kuti chithunzi chikasokonezeka musayambe ndi kufafaniza. Yesani pa kompyuta ina, werengani zimene pulogalamu yalemba, funsani za driver, ndipo ngati ndi za nyenyezi tulukani panja mukayerekeze ndi thambo lenileni. Akulu akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene afuna kuona mwezi uja ndi mabanga ake abwere ku kalabu yathu Lachitatu madzulo, kompyuta ija ikugwirabe ntchito.

Wophunzira wa Fomu 3