Mukapita nawo ana ku Lilongwe pa Khrisimasi iyi

Sabata ino ndicheza kwambiri ndi anzathu a ku Mchinji, komabe a ku Dowa, ku Dedza ngakhale ku Kasungu musatseke tsambali, nkhaniyi ndi yanunso.

Mayi wina wa mbali za ku Mkanda wandilembera kalata yodandaula. Akuti ali ndi ana atatu ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adapondako ku Lilongwe. Bambo a m'nyumbamo, tsiku lina atakondwa, adalonjeza anawo kuti Khrisimasi ya chaka chino akadyera mumzinda. Ana sakugonanso tulo, akungowerenga masiku. Koma chomwe chikuwasowetsa mtendere mayiwa n'chakuti ndalama imene bambo akuiwerengera paulendowu ndi yomwe adasungira fetereza wobereketsa. Ndiye akufunsa kuti: tipite kapena tisapite? Nanga tikapita, anawa tikawaonetse chiyani?

Mayi, pitani. Mwana mukamulonjeza chinthu n'kusachita, mawa mukadzamuuza zoona sadzakukhulupirirani. Koma ndalama ya feterezayo musaikhudze olo khobidi limodzi. Ndipo izi n'zotheka, chifukwa zambiri zimene ana amakumbukira akabwera kutauni sizilira ndalama zochuluka. Zimene zimatha ndalama ndi zofuna za ife akuluakulu.

Tiyeni tiyambire pomwepo. Khrisimasi kuno kwathu imabwera nthawi yoipa. Chimanga chili m'mawondo, chikufuna kupalira, kubandira ndi kuthira fetereza. Mtedza ndi soya nazo zikufuna khasu. Nkhokwe zambiri zayamba kuoneka pansi. Kutsogoloku kuli Januwale, mwezi wa fizi, yunifolomu ndi makope. Chichokereni pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense akudziwa mmene thumba la fetereza lidathawira m'manja mwa mlimi. Ndiye munthu adye thumba limenelo tsiku limodzi ndi Fanta ndi chipisi? Chisangalalo cha pa 25 Disembala chidzasanduka ndewu ya mu Epulo, pamene anzanu akukolola ngolo inu mukukolola m'dengu.

Choncho khalani pansi awirinu, ana atagona. Lembani papepala: thiransipoti yopita ndi yobwerera ya anthu asanu, chakudya, kangachepe kolowera pamalo amodzi, ndi kena kapadera ka mwadzidzidzi. Ikapanda kukwana, gulitsani nkhuku ziwiri kapena ndowa ya mtedza, kapena chepetsani masiku. Kwa katapila kokha musapiteko. Ndalama ya kubanki mkhonde ngati mwagawana mwezi uno, nayonso musaione ngati yotola, ija ndi thukuta lanu la chaka chonse. Ndipo abambo, ndalama yobwerera apatseni mayi asunge pachitenje kapena pafoni yawo. Sindikukunyozani ayi, ndikungodziwa mmene Lilongwe imakhalira. Mukakumana ndi mnzanu wa kusukulu pa Bwalo la Njobvu, ya minibasi imathera pomwepo.

Tsiku lopita nalo muliganizire. Pa 24 Disembala msewu umakhala wodzaza, oitanira ali pakalapakala, mitengo ya minibasi nayo imakonda kukwera. Pa 25 penipenipo masitolo ambiri amatseka kapena kuweruka msanga, ndipo madzulo ake misewu imadzaza anthu oledzera, ena ali pachiwongolero. Ine ndikadakhala inu, tsiku la Khrisimasi ndikadapemphera kwathu, kudya mpunga wa nkhuku ndi agogo, n'kunyamuka m'mamawa pa 26 kapena pa 27. Kwa mwana imeneyo ikadali Khrisimasi. Kuchoka pa boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, ndiye wonyamuka tambala atangolira akhoza kupita n'kubwerera tsiku lomwelo.

Ulendo umayambira m'minibasi momwemo, osati mukafika. Mwana wamkuluyo mukhazikeni kuwindo. Muuzeni maina a malo: apa ndi pa Kamwendo, apa pa Waliranji, tawoloka tsopano tili m'boma la Lilongwe, apa pa Namitete, apa pa Msundwe, apa pa Mpingu. Mukafika pa Chitedze muuzeni kuti mtedza uja wa CG7 umene mumalima kumudzi dzina lake lidachokera pamalo ofufuzira zaulimi amenewa. Mwana wa Sitandade 6 akamva zotere, akabwerera kusukulu amakayankha m'kalasi ngati munthu woyenda.

Tsopano zokaona. Ambiri a ku Mchinji amangothera pa Gateway Mall chifukwa ndi pomwe msewu wathu umafikira polowa mumzinda. Sindikuletsa. Malowa adatsekulidwa mu 2014 ndipo nyengo ino mumakhala mitengo ya Khrisimasi ndi timagetsi tothwanima, ana amakondwa. Koma mukalowa nawo m'sitolo musadagwirizane, mudzatuluka wina akulira, wina akukukokani malaya, inu nkhope ili gwa. Auzeni musanalowe kuti aliyense alandira chinthu chimodzi, kaya ndi ayisikilimu kaya ndi baluni, basi. Mwana wouzidwiratu savuta ngati wodzidzimutsidwa. Ndipo pamenepa pakhale pomalizira, osati poyambira, apo ayi ndalama ithera pakhomo la mzinda.

Poyambira pabwino ndi ku City Centre. Kumeneko kuli chiliza cha Kamuzu Banda, amene adamwalira mu Novembala 1997, ndipo chilizacho chidatsekulidwa mu 2006. Ana amenewa dzina la Kamuzu amangolimva m'kalasi ndi kuliona pandalama. Aonetseni nsanamira zinayi zija, muwafunse ngati akudziwa tanthauzo lake: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Inu amene mudamva kwa makolo anu zabwino ndi zowawa za nthawi imeneyo, auzeni zonse ziwiri monga mwa msinkhu wawo. Pafupi pomwepo pali Nyumba ya Malamulo imene idatsekulidwa mu 2010 itamangidwa ndi thandizo la dziko la China. Ngakhale mutangoima kunja kwa mpanda, muuzeni mwana kuti phungu uja amabwera kumudzi nthawi ya kampeni ntchito yake amagwirira m'menemu. Chapatsidya pali Capital Hill, kumene kuli maofesi a boma chisamukireni likulu kuchoka ku Zomba mu 1975. Cha ku Area 18 kuli chipilala chachitali chokumbukira asilikali amene adafera kunkhondo, ndiponso msewu wodutsa pamwamba pa unzake umene mwana wa kumudzi akauona amangoti kukamwa yasa. Zonsezi n'zoona ndi maso, sizifuna kuti mugule kanthu.

Ngati pali malo amodzi oti mulipirepo, ine ndingasankhe Lilongwe Wildlife Centre, m'nkhalango ija ili pakati pa Old Town ndi City Centre m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Koma ndikuchenjezeni: musawalonjeze ana mkango kapena njovu. Ntchito yaikulu ya malowa ndi kusamalira nyama zovulala ndi zolandidwa kwa anthu ozisunga mosaloledwa. Chimene mukapeze ndi tinjira toyenda m'nkhalango, mitengo yachilengedwe ikuluikulu, mbalame, apusi, ndi mthunzi woti n'kukhala pansi n'kupuma. Mwina muziti, nkhalango tiisiye ku Mchinji n'kukailipira ku Lilongwe? Funsani mwana wanu ngati adaonapo mtengo wachilengedwe woti anthu awiri sangaukumbatire. Kwathu kuno yambiri idathera m'zigafa za fodya ndi m'mauvuni a makala. Imbani kaye foni kapena funsani wachibale wa m'tauni za mtengo wolowera ndi nthawi yotsekulira, chifukwa safunsa adadya phula.

Chakudya nyamulani chanu. Mpunga, nkhuku yokazinga, mazira owiritsa, mandasi, mango, ndi madzi akumwa m'mabotolo. Palibe chamanyazi apa, a m'tauni omwewo amanyamula. Ino ndi nyengo ya mvula, ndipo sitidaiwale kolera ya 2022 mpaka 2023 imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zidachedwa kutsekulira mu Januwale 2023. Mafirizesi a m'mbali mwa msewu, saladi wa pachiwaya ndi madzi a m'timapepala osadziwika kochokera, asiyeni. Kasopo kakang'ono m'chikwama sikalemera.

Pali nkhani ina imene ndikufuna ndiikhalire pang'ono, chifukwa idandionekera ine ndemwe. Zaka zapitazo ndidapita ndi mwana wanga wa zaka 5 kumsika waukulu wa ku Lilongwe, cha kumlatho kuja. Ndidamusiya dzanja kuti ndisankhe nsapato pakaunjika. Kutembenuka, mwana palibe. Abale anga, ndidathamanga uku ndi uku ngati wamisala, chitenje chili m'manja, ndikufuula dzina lake pakati pa anthu oti aliyense akufuula zake. Padatha pafupifupi ola lathunthu. Adamupeza ndi mayi wina wogulitsa tomato amene adamuona akulira n'kumukhazika pambali pake, akuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mwanayo ankangodziwa kuti mayi ake ndi "amama", dzina la mudzi osalidziwa. Nsapato zija sindidagule, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamenepo m'mimba mumandiwawa.

Kuyambira tsiku limenelo, mwana aliyense ndikamapita naye kutauni ndimamuika kapepala m'thumba: dzina lake, dzina langa, mudzi, mfumu yaikulu, ndi manambala awiri a foni. Wamkulupo aloweze nambalayo pamtima. Gawanani ana musanatsike minibasi, bambo wawo, mayi wawo, kuti pasakhale zoti ndimayesa ali ndi inu. Auzeni kuti akasochera aime pomwepo, asatsate munthu wowalonjeza switi, afunse wapolisi, mlonda wa yunifolomu kapena mayi wogulitsa malonda. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza pankhani za ana, isungeni pafoni. Ndipo pamene pali chikhamu chokankhana pachipata, kaya ndi dansi yaulere kaya ndi mpira, musalowepo ndi ana. Pa 6 Julaye 2017 pa Bingu National Stadium padafa anthu 8 pokanganirana kulowa, ambiri mwa iwo ana. Bwaloli n'lokongola, alioneni tsiku lopanda zochitika.

Za kabaza wa njinga yamoto ndingonena mwachidule: banja lonse panjinga imodzi, mwana pathanki, wina kumsana, opanda chipewa, ayi. Kwerani minibasi kapena yendani pansi.

Tsono ena mudzati, ife tikagona kwa achimwene ku Chinsapo, kapena kwa azakhali ku Area 25 kaya ku Kawale. Chabwino. Koma awuzeni lero, osati mukafika pa Njewa. Achibale a m'tauni nawo zikuwavuta: nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, madzi ogula, makala ogula, magetsi a mayunitsi. Sanganene chifukwa cha ulemu, koma anthu asanu ongofika mwadzidzidzi amasokoneza bajeti ya mwezi wonse, ndipo mukachoka m'nyumbamo mumatsala mkangano pakati pa mlamu wanu ndi mbale wanu. Nenani tsiku lofika ndi tsiku lochoka, ndipo mulisunge. Mlendo ndi mame. Nyamulani ufa, mtedza, nyemba, kachewere, ndi nkhuku ngati ilipo. Mayi, kukhitchini lowani nawo, musakhale pampando kudikira tiyi. Ana agone malo amene inu mukuwadziwa, makamaka atsikana, chifukwa pa Khrisimasi m'nyumba mumalowa anthu ambiri ndipo si onse amene mukuwadziwa mtima wawo. Mukadzuka pa 25 muli komweko, pitani nawo kutchalitchi, kaya ku Maula Cathedral kaya kumpingo wanu, akaone sewero la kubadwa kwa Yesu ndi kumva makwaya a mumzinda. Kumeneko chopereka chanu chomwecho chikwanira.

A kufupi ndi malire ena amakonda Chipata, poti kwa iwo ndi pafupi kuposa Lilongwe, ndipo nayo idalandira ulemu wokhala mzinda mu 2017. Chitsekulireni chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami mu Disembala 2022, zonse zimachitikira malo amodzi. Koma kumeneko ndi dziko la eni. Pitani kaye ku ofesi yoona zolowa ndi kutuluka mukafunse zikalata zofunika za inu ndi za ana, ndipo dzerani pachipata. Njira za kutchire zimene mumadzera popita kumaliro kutsidya si zoyenda ndi ana patsiku la chisangalalo. Kumbukiraninso kuti kwacha ya kumeneko ndi yolemera kuposa yathu, mtengo wooneka wochepa pasitolo ukausintha umaluma.

Mawu anga otsiriza apite kwa bambo a ku Mkanda aja, poti ndikudziwa kuti mayi akuwerengerani tsambali. Bambo, mudachita bwino kulonjeza. Tsikulo ndi la ana, ndiye botolo lidikire mukafike kwanu. Feterezayo kagulenitu sabata ino, mumuike m'nyumba, kenaka muwerenge zotsalazo pamodzi ndi akazi anu. Pobwerera musadikire mdima: pofika 3 koloko masana mukhale muli m'minibasi, kuti mvula ya madzulo ikupezeni mutadutsa kale pa Namitete, ndipo ya ku Mkanda muipeze isadathe. Mayi, mukabwerako mundilembere, ndikufuna ndimve chimene wamng'onoyo akasimbire agogo ake.