Kubetcha kusatigulitse m'manja mwa adani

Magulu a WhatsApp asanduka bwalo la m'mudzi kwa ife amene tikugwira ntchito kutali ndi kwathu. M'menemo timadziwitsana za maliro, za ganyu ndi za nyumba zochita lendi. M'menemonso timabetchana: wina akuti Kaizer Chiefs igonjetsa Orlando Pirates, wina akuti Bullets ichinya Wanderers, winanso akuti malipiro ake aposa a mnzake. Nthabwala zotere zimachepetsa msuno. Vuto limadza pofuna kutsimikiza amene wapambana ndi amene walipira.

Kaŵirikaŵiri umboni wake umakhala chithunzi. Wogonja amaponya m'gulu risiti la ndalama zimene watumiza, ndipo wokangana za malipiro amaponya pepala lake la malipiro lathunthu. Pamapepala amenewa pamakhala dzina lonse, nambala ya pasipoti, nambala ya ku banki ndi dzina la bwana. Gulu limodzi la WhatsApp litha kukhala ndi anthu oposa 1,000, ndipo ambiri mwa iwo sitinawaonepo nkhope. Uthenga ungafufutidwe, koma amene waujambula kale watsala nawo. Madzi akatayika saoleka.

Kwa munthu wobwera, ngozi yake ndi yaikulu kuposa ya mwini dziko. Mbava imene yapeza dzina, nambala ya foni ndi ya pasipoti yapeza poyambira kuti inamize kampani ya foni, ilande nambalayo, kenaka ilowe ku akaunti ya ndalama. Amene chilolezo chake chokhalira m'dziko chinatha amasanduka nyama ya aliyense wofuna kumuopseza kuti amupereka kwa apolisi akapanda kulipira. Ndipo kuyambira 2021, pamene gulu la Operation Dudula linayamba ku Soweto, tonse tikudziwa kuti si nzeru kulengeza kumene mlendo amagona ndi kumene amagwira ntchito.

Ena amaganiza kuti lamulo liwateteza. N'zoona kuti South Africa ili ndi lamulo la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, ndipo Zambia ndi Zimbabwe zinakhazikitsa malamulo awo oteteza chinsinsi mu 2021, Malawi mu 2024. Koma POPIA imamanga makamaka mabungwe, makampani ndi boma; zochita za munthu payekha kapena za pakhomo siziikhudza. Chimene mwaponya nokha m'gulu n'chovuta kuchibweza ndi lamulo.

Wopambana nayenso adziwe malire ake. Lamulo la njuga la South Africa la 2004 limanena kuti kubetchana wamba kwa anthu paokha sikungakakamizidwe kukhoti. Chifukwa cha ichi ena amasankha kuchititsa manyazi mnzawo: amamwaza chithunzi chake, nambala yake, ngakhale malo ake a ntchito, namutcha wakuba. Nyuzi ino ikutsutsa mchitidwe umenewu kotheratu. Ngongole ya maranda ochepa siyenera kuchotsetsa munthu ntchito kapena kumufikitsa ku Lindela, kumene amasungira oyembekeza kubwezedwa kwawo. Ana amene amadya thukuta lake kumudzi sanabetche nawo.

Sitikuti anthu aleke kukambirana za malipiro. Gawo 78 la lamulo la Basic Conditions of Employment Act limapatsa wantchito ufulu wokambirana ndi anzake za mmene akugwirira ntchito, ndipo ndi m'kukambirana kotere mmene ambiri amazindikirira kuti akuberedwa. Tchulani chiwerengerocho, koma pepala lisatuluke m'thumba.

Pempho lathu ndi ili. Obetchana asankhe mkhalapakati mmodzi amene onse amamudalira, asunge ndalamazo masewero asanayambe, ndipo iye angolengeza kuti nkhani yatha. Umboni uonetsedwe kwa iye yekha, manambala atabisidwa. Oyang'anira magulu alembe lamulo loletsa zithunzi za mapasipoti, zilolezo ndi malisiti, ndipo wolengeza za mnzake achotsedwe tsiku lomwelo. Aliyense atseke WhatsApp yake ndi nambala yachinsinsi ya manambala 6 imene pulogalamuyi imalola.

Timadzudzula mabwana amene amalanda mapasipoti a antchito awo, chifukwa tikudziwa kuti wogwira chiphaso chako wagwira moyo wako. Tisapereke tokha mphamvu yomweyo kwa anthu osawadziwa chifukwa cha mpira wa Loweruka.