Malo a Tchire Ali ndi Mwini

Omvera athu a ku Chongwe, tamvani. Lusaka ikukula, ndipo ikulowera kuno motsata msewu wa Great East. Ofuna kugula malo akutuma anyamata a njinga zamoto kuti aziwafufuzira mapuloti opanda nyumba. Mnyamata akapeza, amalandira kangachepe. Ntchitoyo si yoipa ayi. Koma malo a tchire ali ndi mwini. Malo ambiri kuno ndi a makolo, pansi pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo Wachiwiri. Kuti mupeze taitulo, pamafunika chilolezo cha mfumu, kenako khonsolo, kenako Unduna wa za Malo. Wokufufuziraniyo sangasainire onsewa. Inde, malo a tchire ali ndi mwini. Inu ogula, musanatulutse ndalama, pitani nokha mukaonane ndi anyakwawa.