BALA LA MUMTIMA NALO LIFUNA MANKHWALA

Anthu a m'boma la Chadiza amene anali ozindikira kale m'caka ca 1987 safuna kuuzidwa kuti mantha nciani. Kuyambira caka cimeneco zigawenga za Renamo zinali kuoloka malire kucokera ku Mozambique, kulowa m'midzi, kupha anthu, kulanda ng'ombe ndi kugwira ena kuti awasenzere katundu. Othawa nkhondo zikwi zambiri anafika m'Cigawo ca Kum'mawa, ndipo ambiri anakakhazikidwa ku Ukwimi, cakufupi ndi Petauke. Mfuti zinaleka kulira ndi pangano la mtendere la mu October 1992.

Mtendere utabwera tinawerenga akufa, ng'ombe zotayika ndi nyumba zopsa. Ana amene anaona zonsezi ndi maso ao sitinawawerenge. Mwana akakuwa usiku tinali kuti walota. Akaleka kulankhula tinali kuti ngofatsa. Ana aja lero ndi makolo a zaka 45 kapena 50, ndipo iwo ndiwo tifuna kulankhula nao koposa onse, pakuti adziwa bwino kulemera kwa cinthu cimene munthu asenza osauzako mnzace.

Nkhondo inatha, koma zobaya mitima ya ana sizinathe. Pali mtsikana wogwiriridwa ndi mbale wace nkuuzidwa kuti akaulula adzaononga banja. Pali mnyamata woona amace akumenyedwa usiku ndi usiku. Pali ana amasiye, ndi ana amene anasiya sukulu pa cilala ca 2024, cija Boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 kufika 19 m'Zambia anali ndi mwana kapena ndi pakati, ndipo cigawo cathu cinali pamwamba pa ciwerengero cimeneci. Akale anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Pa nkhani iyi zatembenuka: zodya akulu ndizo ziri kupota ana.

Bvutoli si la kuno kokha. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti mmodzi mwa ana 7 a zaka 10 kufika 19 ali ndi bvuto la maganizo, ndi kuti kudzipha kuli pakati pa zinthu zimene zipha kwambiri acinyamata a zaka 15 kufika 29. Matenda awa sasankha mwana wa ku London kapena wa kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala.

Cimene cibvuta makolo ambiri kumvetsa ndico mwana wodzipweteka dala thupi lace. Mai akaona mabala pamkono wa mwana wace, amathamangira kunena kuti walodzedwa kapena wagwidwa ndi mizimu. Tate amathyola mkwapulo. Komatu odziwa za maganizo afotokoza kuti kawirikawiri mwana wotere safuna kufa, ndiponso sali kucita matama. Ululu wa mumtima wamkulira, alibe mau ouchulira, tsono aupereka ku thupi kuti apumeko kanthawi kocepa. Mpumulo umenewo sukhalitsa, ncifukwa cace amabwereza. Ndipo ngakhale safuna kufa lero, mwana wodzipweteka ali pangozi yaikuru ya kudzipha m'tsogolo kuposa anzace. Mkwapulo umphunzitsa cinthu cimodzi cokha: kubisa mabala ndi malaya a manja atali.

Kodi mankhwala alipo? Alipo, ndipo anayesedwa m'dziko lathu lino. M'caka ca 2015 akatswiri otsogozedwa ndi Laura Murray wa ku Johns Hopkins University anafalitsa zotsatira za nchito imene anacita m'makomboni a mu Lusaka pa ana 257 a zaka 5 kufika 18, onse oona zoopsa. Ana ena anakumana ndi mlangizi kamodzi pa sabata, nthawi 10 kufika 16. Poyamba mwana aphunzitsidwa kukhazika thupi pansi mantha akamgwira, ndi kuchula dzina la cimene akumva mumtima. Pambuyo pace, pang'ono pang'ono, afotokoza cimene cinamcitikira, ndipo mlangizi amthandiza kuona kuti mlandu suli wace. Womlera nayenso aphunzitsidwa kumvetsera popanda kukalipa. Mwa ana olandira cithandizo cimeneci zizindikiro za matendawa zinatsika ndi magawo pafupifupi 82 mwa 100, pamene mwa anzao zinatsika ndi magawo 21 okha.

Mfundo yaikuru kwa ife a kumidzi ndi iyi: alangizi aja sanali madokotala. Anali anthu wamba ophunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa bwino. Ku Zimbabwe nakonso dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo akazi kukhala pabenchi pabwalo la kiliniki ndi kumvetsera obvutika maganizo, ndipo nchito imeneyi inapindula kwambiri kotero kuti maiko ena anaitengera.

Cipatala ca Chainama Hills ca mu Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 1962, ciri kutali ndi mlimi wa ku Chadiza, ndipo dzina lace lokha liopsa anthu cifukwa ca kunyoza kumene tinazolowera. Ngakhale ku Chipata sikufupi kwa munthu wopanda ndalama ya basi. Cotero tipempha akuluakulu a zaumoyo ndi a zamaphunziro m'boma lino kuti aganizire zophunzitsa anthu a konkuno: aphunzitsi olangiza ana pasukulu, anchito a zaumoyo a m'midzi, atsogoleri a mipingo, ndi anamkungwi amene atsikana amawadziwa kale. Lamulo la zaumoyo wa maganizo la 2019, limene linalowa m'malo mwa lija la atsamunda la 1949, linena kuti wodwala maganizo ali ndi ufulu wolandira cithandizo ndi ulemu. Lamulo lolembedwa ku Lusaka lisanduka cithandizo pokhapo pakhala munthu wophunzitsidwa pa kiliniki ya kwanu.

Koma makolo asadikire Boma pa zimene angathe okha. Mwana amene anali wosangalala akayamba kudzipatula, kukana nsima, kusagona, kuthawa sukulu, kapena kulankhula kuti kuli bwino akadafa, mkhazikeni pansi pa awiri ndi kumfunsa poyera. Ena aopa kuti kufunsa za kudzipha ndiko kumpatsa nzeru yoipa. Sicoona; kufunsa kumatsegula pakamwa pamene panatsekeka. Akayankha, musamdule mau ndi ulaliki, ndipo nkhani yace isafike pacitsime. Ngati wina wamcita zoipa, nkhaniyo nja polisi, siya mbuzi ya cipepeso.

Alimi a thonje, fodya ndi cimanga tiwachenjeze padera. Pa dziko lonse, pafupifupi imfa imodzi mwa 5 za kudzipha ibwera ndi mankhwala a mbeu, ndipo nthawi zambiri ganizo lotero limadza mwadzidzidzi, pambuyo pa mkangano wa kanthawi. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsa kwambiri, imfa zotere zinatsika ndi magawo pafupifupi 70 mwa 100 kuyambira 1995. Botolo lisakhale pansi pa kama kapena pa tsindwi la khichini. Likhale m'bokosi la loko, kiyi ali ndi wamkulu.

Mwana akadzipweteka kapena akamwa cinthu coopsa, thamangani naye ku kiliniki kapena ku cipatala ca boma ca Chadiza nthawi yomweyo, osayamba mwafunsira kwina. Ndipo mwana ali yense wofuna wolankhula naye mwacinsinsi angathe kuimba lamya pa nambala 116 ya Childline, usana kapena usiku, popanda kulipira. Aphunzitsi ailembe nambalayi pa bolodi m'kalasi iri yonse, ndipo anyakwawa ailengeze pa msonkhano wa mudzi.