Pakati pa "onse" na "mmene nimawaonela": zimene Lojban itiphunzitsa

Tikamva kuti "udzudzu umabweletsa maleliya," tonse timavomela. Koma si udzudzu uliwonse: ni waukazi cabe, wa mtundu wa Anopheles. Mau otele, okamba za gulu lonse popanda kuŵelenga, amavutitsa maningi anthu opanga zinenelo zatsopano.

L. L. Zamenhof, amene anatulutsa Esperanto mu 1887, anaikamo ka liu kamodzi, "la," kofanana na "the" wa Cizungu. Kamagwila nchito ziŵili: "la hundo" angakhale galu uja wa pa nyumba, kapena galu monga mtundu wa nyama. Womvela ndiye afunika kusiyanitsa. Zamenhof analola ngakhale kuti amene kakuwavuta ayambe asakaseŵenzetsa. Marc Okrand, popanga Klingon ya mu Star Trek, sanaikemo tumau tumenetu ayi. Cinyanja cathu nacoso cilibe, ndipo timamvana bwino.

Amene ise tiona kuti anaganiza mozama ni opanga Lojban, cinenelo cimene cinayambika mu 1987. Iwo ali na "ro" wotanthauza onse, "so'e" wotanthauza ambili koposa, "lo'e" wokamba za mmene cinthu cimakhalila kaŵilikaŵili, na "le'e" wokamba za cithunzi cimene wokambayo ali naco m'mutu mwake. Ukasankha "le'e," wavomela pamaso pa anthu kuti ni maganizo ako.

Ena adzati uku ni kulemetsa cinenelo, ndipo ni zoona kuti okamba Lojban ni ocepa. Palibe angakambe nkhani mu minibasi ali kupima liu lililonse. Koma ganizilani zimene timamva pa foni tikatsegula mapulogilamu a pa wailesi, kapena pa Facebook: "anyamata a mu komboni ni akawalala," "atsikana a masiku ano akonda ndalama," "a mtundu uje ni ouma manja." Wokamba waona anthu aŵili kapena atatu, koma womvela amamva "onse." Mnyamata wosalakwa amakanidwa nchito kapena nyumba ya lenti cifukwa ca liu limene silinachulidwe.

Sitifunika kuphunzila Lojban. Mau tili nawo kale: onse, ambili, ena, mmene nionela ine. Munthu akakamba za gulu lonse, timufunse mwaulemu: "Mukamba onse, kapena amene mwakumana nawo?"